Ndinasintha ndekha topu kava ndi gasiketi ya Corolla yanga kuseri kwa nyumba ku Kamwendo

Fungo ndi limene linayamba kundiuza kuti china chake sichili bwino. Ndikachoka kwathu ku Kamwendo kupita ku Boma la Mchinji, kungoima pamsika n'kuzimitsa galimoto, kafungo ka oyilo wopserera kankalowa mpaka mkati, ngati munthu wayiwala chiwaya pamoto. Mayi a kunyumba ndi amene anayamba kudandaula. "Bambo, galimoto yanuyi ikununkha kupsa. Tsiku lina idzatiyakira panjira tili ndi ana." Ine ndinkayankha kuti ndi fumbi chabe lapsa pa ekizozi. Koma dipisitiki, kawaya koyezera oyilo mu injini, siinama. Pakatha masabata awiri ndinkathira theka la lita la oyilo, chonsecho pansi pomwe galimoto imagona panalibe dontho loti munthu n'kuloza.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2003, ija amati NZE121, injini yake ndi 1NZ-FE ya 1.5. Injini yomweyi mumaipezanso mu Probox, mu Sienta, mu Ractis ndi mu Vitz zina, choncho zimene ndikulembazi zikukhudza ambiri amene timayenda m'misewu ya kuno kwathu. Ine si makaniko. Ndimagula mtedza ndi soya m'midzi n'kukagulitsa, ndipo galimoto imeneyi ndiye khasu langa. Ikagona tsiku limodzi, pakhomo pamadziwika.

Mmawa wina mu Seputembala nditanyamula matumba anayi a mtedza, galimoto inayamba kunjenjemera ndikaponda mafuta pamtunda, ikumisa ngati munthu wachifuwa. Madzulo ake alamu anga, amene anayendetsapo thirakitala zaka zambiri pa esiteti ya fodya, anati tizule makoyilo, timene timapereka moto ku mapulagi, tione. Yoyamba inatuluka youma, yachiwiri youma. Yachitatu inatuluka ikudontha, labala wake wakumunsi atafufuma ngati nyemba yogona m'madzi. Titaunika ndi tochi ya foni m'dzenje la pulagi, oyilo anali atadzaza mwakuti mutu wa pulagi sunkaoneka. Alamu anangoti, "Mlamu, apa ndi gasiketi." Mtima wanga unagunda, chifukwa kwa ife mawu akuti gasiketi timawamva pamene galimoto yawira ndipo makaniko akutchula ndalama zogulira ng'ombe.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri timasokoneza. Magasiketi ndi angapo mu injini. Ija yoopsa ija ndi hedi gasiketi, imene imakhala pakati pa mutu wa injini ndi buloko, ndipo ikapsa madzi ndi oyilo zimasakanikirana, injini imawira, ekizozi imatulutsa utsi woyera. Imene ndikunena pano ndi ina. Pamwamba penipeni pa injini pali chivindikiro chachitsulo, chija chili ndi pakamwa pothirira oyilo, amakaniko amati topu kava. Kunsi kwake kuli makamushafiti awiri, zitsulo zozungulira zotsegula mavalavu, ndi mavalavu 16, ndipo injini ikamayenda oyilo amawazika mmenemo ngati mvula. Chimene chimamutsekera kuti asatuluke ndi labala amene amazungulira m'mphepete mwa chivindikirocho, ndipo labala yemweyo ali ndi timikombero tinayi totchinga maenje a mapulagi. Labala ameneyu amakhala pamoto tsiku lililonse kwa zaka. Amauma, amalimba, amasiya kugwira. Oyilo akatulukira m'mikombero amadzaza maenje a mapulagi, moto wa koyilo n'kumathawira pambali, galimoto n'kumamisa. Akatulukira m'mphepete chakumbuyo amagwera pa ekizozi, poti pa injini iyi ekizozi ili kumbuyo, mbali ya kwa dalaivala ndi okwera. Ndiye chifukwa chake ndinkamva fungo koma pansi osaona dontho: oyilo ankapsa asanafike pansi.

Musanagule kanthu, tsimikizani kaye kumene oyilo akuchokera. Oyilo amatsika, sakwera, choncho malo onyowa amene ali pamwamba kuposa onse ndi amene ali ndi mlandu. Ine ndinapukuta injini yonse ndi sanza yonyowetsa palafini, ndinayenda mpaka ku Waliranji n'kubwerera, kenako n'kuyendetsa chala choyera m'mphepete monse mwa chivindikiro. Kutsogolo kunali kouma. Kumbuyo chala chinabwera chonyezimira. Onaninso kalabala ka pa chitsekerero chothirira oyilo, chifukwa nakonso kakauma kamanyowetsa pamwamba ponse n'kunamizira gasiketi.

Tsopano pomwe ndinalakwitsa, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera nkhaniyi. Ndili pa siteji ndikufotokozera anzanga, mnyamata wina wothandiza pa galaja anati, "Bigi, musataye ndalama. Mabawutiwo amamasuka ndi mabampu. Ingomangani mwamphamvu, oyilo asiya." Zinamveka zanzeru, ndiponso zaulere. Nditafika kunyumba ndinatenga sipanala yaitali n'kuyamba kumanga limodzi limodzi, mpaka mkono kumva kuti ndagwira ntchito. Pa bawuti la pakona yakumbuyo ndinangomva kuti tswa! Phokoso laling'ono ngati munthu waponda chibade cha mtedza. Nditaunika ndinaona kamzere kowonda ngati tsitsi, kochokera pabowo la bawuti kupita m'mphepete. Chivindikiro chinali chitasweka. Mawa lake oyilo sanalinso kungonyowetsa, ankayenda.

Chivindikirocho ndi cha aluminiyamu, ndipo mutu wa injini momwe mabawuti amalowa nawonso ndi wa aluminiyamu. Mabawuti ake ndi owonda, mutu wake ndi wa sipanala ya 10. Labala akauma, ngakhale mutamanga chotani sabwereranso kufewa. Mphamvu yonse imene mukuwonjezerayo imathera pa chitsulo: kapena chivindikiro chisweka, kapena bawuti lithyokera mkati, kapena mazinga a m'mutu wa injini atha. Ine zinandigwera zoyambazo, ndipo mwa zitatuzi ndi zopepukirapo. Bawuti likathyokera m'mutu wa injini, imeneyo si ntchito ya pakhomo.

Ena anandiuza kuti ndikawotcherere, ena anati ndimate ndi guluu wa zitsulo. Alamu anakana. Anati aluminiyamu akamuwotcherera amapindika, ndipo chivindikiro chopindika sichidzakhalanso bwino pa gasiketi. Ndinakwera minibasi mumsewu wa M12, kudutsa Namitete ndi Msundwe, mpaka ku Lilongwe, n'kukafika ku Biwi kumene amaphwasula magalimoto. Sindinachotse chivindikiro chakale popita, chifukwa sindinafune kusiya injini yotsegula tsiku lonse, koma ndinajambula zithunzi mbali zonse ndi kulemba nambala ya chasisi. Mukatero mumapewa mikangano, chifukwa injini za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono malinga ndi chaka ndi mtundu wa galimoto, maka pomwe pamangiriridwa mawaya ndi mapaipi.

Choyamba chimene anandipatsa chinali chotsukidwa bwino, chowala. Nditachitembenuza n'kuchiyang'anitsa padzuwa, pabowo lina panali kamzere ngati ka changa chomwe. Ndinachibweza. Chachiwiri chinali chakuda ndi litsiro, koma mabowo onse anali athunthu. Ndinapempha galasi la zenera lomwe linali pomwepo, n'kuchikhazika chafufumimba pagalasipo, n'kumakanikiza makona: sichinagwedere. Ndinayang'ananso kangalande komwe gasiketi imalowa kuti sikanaphwanyidwe ndi sukulu dilaiva, mazinga a pothirira oyilo, ndi mabowo omangirira makoyilo. Chimenecho ndi chimene ndinagula.

Pa gasiketi musagule yakale, ngakhale akuuzeni kuti yachoka m'galimoto yongofika kumene. Ndipo zatsopano zomwe zili m'mashopu si zofanana. Anandionetsa ziwiri, ina mtengo wake kuposa inzake kawiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera moti munthu umayamba wawerenga ndalama ya minibasi usanasankhe. Komabe nditazigwira m'manja kusiyana kunaoneka. Yotchipa inali youma ngati pulasitiki, ndi timanyenje m'mbali. Inayo inali yofewa, ukaipinda imabwerera yokha msanga. Ndinatenga yofewayo, kachubu kamodzi ka silikoni wa injini wopirira kutentha ndi oyilo, koyilo imodzi, fyuluta ya oyilo ndi oyilo malita 4. Silikoni wa mazenera ndi wa kubafa uja asayandikire injini.

Ntchito ndinaigwira Loweruka, kuyamba 6 koloko mmawa, injini itagona usiku wonse. Nthawiyi ndinaisankha dala. Amene mumakhala kuno mukudziwa mphepo ya Okutobala, mmene kamvuluvulu amanyamukira pabwalo dzuwa likakwera, atanyamula fumbi ndi mapesi. Mukachotsa chivindikiro, mkati mwa injini muli pamtunda, ndipo mchenga ukagwera pa makamushafiti umakhala ngati msasa wopalira. Ndinaimika galimoto kuseri kwa nyumba komwe mphepo siifika, mwana wanga wachisamba anawaza madzi pansi ponse mozungulira, nkhuku tinazisiya m'khola mpaka titamaliza. Mayi a kunyumba anandipatsa chitenje chakale chochapa bwino choti ndiphimbire injini.

Zida sizinali zambiri: soketi ya 10 ndi kachogwirira kake kakafupi, soketi yaitali ya mapulagi ya 16, pulayala, sanza zoyera zosathothoka ulusi, khadi yakale ya pulasitiki, pampu ya njinga ndi katoni. Pakatonipo ndinajambula chithunzi cha chivindikiro n'kuboola timabowo, kuti bawuti lililonse ndikachotsa ndilibaye pamalo pake. Si onse ofanana kutalika, ndipo mukawasakaniza m'mbale imodzi mudzavutika pobwezera.

Ndinayamba ndi kuchotsa waya wa batire wa mbali ya negetivi. Kenako chipulasitiki chakuda chophimba pamwamba pa injini. Ndisanamasule kalikonse ndinapopera pampu ya njinga m'makona onse, ndipo fumbi lofiira limene linatuluka mmenemo linandiuza kuti ndikanalumpha zimenezi ndikanadyetsa injini dothi. Ndinajambula chithunzi cha mawaya ndi mapaipi mmene analili. Makoyilo ndi anayi, iliyonse ili ndi bawuti limodzi ndi cholumikizira cha mawaya. Pa zolumikizirazi chitani pang'onopang'ono. Pulasitiki wake wapsa kwa zaka zoposa 20, ndipo kadzino kotsekera kamathyoka mosavuta. Kanikizani ndi chala, gwedezani, musakoke mawaya. Makoyilo ndinawandandalika pakatoni monga anakhalira pa injini.

Dzenje lachitatu lija linali ndi oyilo wake. Apa musathamangire kuchotsa pulagi, chifukwa oyilo yense ndi litsiro lake zitsikira mu silinda. Ndinamanga kasanza kunsonga ya kamtengo n'kumalowetsa, kutulutsa, kufinya, mpaka pansi pataoneka. Zinatenga nthawi kuposa kumasula chivindikiro chonse. Patauma ndi pamene ndinachotsa pulagiyo, kuipukuta, n'kuibwezera nthawi yomweyo, poyamba ndi zala kuti mazinga alowe bwino. Dzenje la pulagi musalisiye pululu pamene mukupala zinthu pafupi.

Pa chivindikiro pamalowa mapaipi awiri a mpweya. Ndinasuntha tozimangira take ndi pulayala, n'kupotoza paipi iliyonse pang'ono isanatuluke. Ndinamasula timabulaketi ta mawaya n'kuwakankhira pambali. Kenako mabawuti 9 ndi manati 2, kuyambira kunja kulowa mkati, pang'ono pang'ono mozungulira. Pali mawashala awiri okhala ndi labala. Onetsetsani pomwe achokera, chifukwa mukawayiwala oyilo adzatulukira pomwepo.

Zonse zitachoka chivindikiro chinakana kunyamuka. Dzanja limafuna kutenga sukulu dilaiva n'kutema pakati, ndipo alamu anandigwira mkono ndisanatero. "Mukakanda mutu wa injini, gasiketi yatsopano sidzatseka chilondacho." Anatenga kathabwa, n'kugogoda ndi chibakera m'makona mopepuka, uku ndi uku. Chinamveka kuti phwa, n'kunyamuka.

Aka kanali koyamba kuona mkati mwa injini yanga. Makamushafiti awiri atagona moyandikana, onyezimira, tcheni cha tayimingi chitakwera pa magiya ake mbali ya dalaivala, zonse zili ndi mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Alamu anati mtundu umenewo ndi wabwino. Chikanakhala chiphala chakuda chokhuthala ngati phula, tikanadziwa kuti oyilo ankachedwa kusinthidwa. Chikanakhala chotuwa ngati tiyi wamkaka, tikanasiya pomwepo n'kukaitana makaniko, chifukwa pamenepo madzi akulowa mu oyilo. Mwana wanga anafuna kugwira tcheni, ndinamuletsa, n'kuphimba zonse ndi chitenje, kungosiya m'mphepete momwe ndimafuna kuyeretsa.

Gasiketi yakale nditayesa kuichotsa m'kangalande inathyoka m'manja ngati kamtengo kouma. Koma chimene chinandikwiyitsa ndi zimene ndinapeza pansi pake. Amene anatsegulapo injiniyi ndisanaigule sanasinthe gasiketi. Anangopaka silikoni wofiira kuzungulira monse, wambiri, n'kumanga. Wofinyikira mkati anali atalendewera ngati nyongolotsi, zina zitaduka kale. Zidutswa zimenezi zikagwera pansi mu sampu, momwe oyilo amasonkhana, zimakatseka kasefa komwe pampu imakokera oyilo, ndipo injini imatha kufa ndi ludzu oyilo ali tho. Tizibowo ta VVT-i, tomwe timagwiritsa ntchito oyilo posintha nthawi yotsegukira mavalavu, natonso ndi tating'ono kwambiri. Munthu amene anachita zimenezi anapulumutsa ndalama ya gasiketi imodzi n'kuika injini yonse pangozi.

Kuyeretsa ndi kumene kunadya mmawa wonse, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonseyi. Ndinapala ndi khadi ya pulasitiki, nthawi zonse kukankhira kunja, dzanja lina litagwira sanza mkati kuti zinyenyeswa zisagweremo. Lezala, mpeni ndi sandipepa zimakanda aluminiyamu, ndiponso mchenga wa sandipepa umatsalira mu injini. Ndili pakona yakumbuyo, kachidutswa kofiira kotalika ngati njere ya mpunga kanadumpha n'kukakhala pakamwa penipeni pa bowo lomwe oyilo amatsikira kubwerera pansi. Tonse atatu tinangoti zii. Ndinauza mwana kuti asagwedeze galimoto. Chala changa sichikanalowa popanda kukakankhira mkati. Alamu anathyola kaudzu kouma pa denga la nkhokwe, anaviika nsonga yake mu girisi, n'kukagusa kachidutswako mofatsa. Kanamatirira, kanatuluka. Kuyambira pamenepo mabowo onse otsikira oyilo ndinawatseka ndi sanza, ndipo ndinaziwerenga: zinayi. Muziwerenge ndithu, kuti potseka mutulutse nambala yomweyo.

Nditamaliza kupala ndinapukuta m'mphepete monse ndi kasanza konyowetsa petulo pang'ono mpaka chala chikamadutsa chizimveka kuti khwee, chosaterera. Petuloyo anali m'kabotolo kotseka, ndipo mbaula ya mayi tinaisamutsira kutsogolo kwa nyumba. Chivindikiro cha ku Biwi ndinali nditachitsuka dzulo lake m'beseni ndi palafini ndi mswachi wakale, maka kangalande ka gasiketi, n'kuchisiya chiume usiku wonse chitaphimbidwa. Mkati mwake muli kambale kachitsulo komwe kamalekanitsa oyilo ndi mpweya. Ndinathiramo palafini kangapo n'kukhutchumula mpaka wotuluka atayera, chifukwa chinthu chimene chagona pabwalo la ophwasula magalimoto simudziwa chamwa mchenga wochuluka bwanji.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe ambiri sitikadziwa, kotchedwa PCV valve, komwe kamakhala pa chivindikiro pomwe paipi ina ija imalowa. Injini ikamayenda, mpweya wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira komwe kuli oyilo. Kavalavu aka ndi kamene kamautulutsa kuti ukapse pamodzi ndi petulo. Kakatsekeka, mpweya umadzazana mkati n'kumakankha oyilo paliponse pofooka, ndipo gasiketi yanu yatsopano idzayambanso kunyowa. Kuyesa kwake n'kosavuta: kachotseni, kagwedezeni pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti tcheketcheke. Ka pa chivindikiro changa chakale kanali duu. Ka pa chogulacho nditakatsuka kanalira, ndiye ndinasiya komweko.

Gasiketi yatsopano imalowa m'kangalande ka chivindikiro, youma, yopanda silikoni. Ndinayamba ndi makona ndi timikombero ta mapulagi, kenako n'kumakanikiza ndi chala chachikulu kuzungulira, osaikoka, chifukwa mukaikoka imatalika n'kutsala yopindika kumapeto. Nditatembenuza chivindikiro n'kuchigwedeza, siinagwe.

Silikoni amafunika malo awiri okha. Mukayang'ana mbali ya tcheni muona pomwe mutu wa injini wakumana ndi chivindikiro cha tcheni, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamenepo pali kamzere kolumikizira zitsulo ziwiri, ndipo labala payekha satseka bwino kampata kameneko. Kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pamalo aliwonse n'kokwanira. Malangizo a Toyota pa injini iyi amati chivindikiro chikhale chitaikidwa pasanathe mphindi 3 chipakireni silikoni, choncho zonse zikhale pafupi musanatsegule kachubu. Ndinachotsa chitenje, ndinatulutsa sanza zinayi zija, alamu anagwira mawaya kuti asapanikizike, ine n'kutsitsa chivindikiro molunjika, osachikhwekhwereza. Kenako ndinalowetsa foni kumbuyo n'kujambula, kuti ndione ngati labala sanatuluke m'kangalande mbali yosaonekayo. Anali m'malo mwake.

Mabawuti onse ndinawalowetsa ndi zala mpaka atakhudza. Bawuti likamakana ndi zala, lalowa mopingasa, libwezeni muyambirenso. Tsopano kumanga. Mlingo wa mphamvu yomangira ndi 10 N·m (ma newton metre) basi. Alamu anali atabwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kwa mnzawo, koma inali ija yaikulu ya manati a matayala, manambala ake oyambira pa 40, ndiye sinatithandize. Mukapeza yaing'ono gwiritsani ntchito imeneyo, ndiyo njira yoyenera. Ine ndinachita kuwerengera. Pa chogwirira chotalika masentimita 20, mlingo umenewu ndi mphamvu yofanana ndi yonyamulira kachigubu ka madzi ka malita 5. Ndinanyamula kachigubu koteroko ndi zala ziwiri kangapo kuti dzanja lizolowere, kenako n'kumanga ndi zala ziwiri zomwezo. Ndinayambira pakati kupita kunja, uku ndi uku mopingasa, maulendo atatu: loyamba kungokhudzitsa, lachiwiri pang'ono, lachitatu kufika pamlingo. Mukafika pamenepo mtima umakuuzani kuti sizinalimbe, onjezerani pang'ono. Ine phokoso la tswa lija linali lidakali m'khutu, ndipo ndinasiya.

Ndinabwezera mabulaketi, makoyilo ndi zolumikizira zake, koyilo yatsopano pa dzenje lachitatu. Malangizo omwewo amati injini isalizidwe kwa maola osachepera 2 kuti silikoni agwire. Tinasamba m'manja, mayi anabweretsa nsima ya nkhwani wotendera, tinadya pansi pa mtengo wa mango tikuyang'ana galimoto.

Nditaliza, injini inadzuka koma inkanjenjemera, ikukwera n'kutsika yokha, ndipo penapake pankamveka kuti fyii. Ndinazimitsa msanga. Titayerekeza ndi chithunzi cha mmawa chija, tinapeza kuti paipi ya pa PCV valve ndinangoikhazika, sindinaikankhe mpaka kumapeto, ndipo injini inkakoka mpweya wolowera pambali, wosawerengedwa ndi kompyuta yake. Nditaikankha n'kubwezera chomangira chake, inayenda mwakachetechete ngati kale. Patatha mphindi zingapo kumbuyo kwa injini kunayamba kufuka utsi wabuluu, ndipo mayi a kunyumba anathamangira ndowa ya madzi. Alamu anawaletsa: "Alongo, musathire. Ndi oyilo wakale amene anagwera pa ekizozi, akupsa atha." Tinaima pomwepo tikuyang'ana, ndipo utsiwo unachepa mpaka kutha. Mukaona zotere, yang'anani m'mphepete mwa chivindikiro ndi tochi. Ngati ndi mouma, dikirani. Ngati oyilo akuyenda, zimitsani, labala wapanikizika penapake ndipo muyenera kutsegulanso.

Injini idakali yofunda ndinakhetsa oyilo yense n'kusintha fyuluta, kuti kalikonse kamene kanagwera mkati katuluke. Injini iyi imamwa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, ndiye pa malita 4 aja panatsala pang'ono. Oyilo wakudayo ndinamuthira m'chigubu n'kutseka. Musamutaye pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba. Nditamusefa pa kansalu ndinapezamo tizidutswa tofiira tiwiri.

Ndinene chilungamo kuti si galimoto iliyonse imene ndingalimbikitse munthu kuitsegula pakhomo. Pa injini ya masilinda anayi ngati iyi chivindikiro chili poyera, mumachiona mukangotsegula boneti. Pa injini za V6 chivindikiro china chimabisala pansi pa mapaipi olowetsa mpweya, ndipo pa za dizilo zambiri zamakono pamafunika kuchotsa mapaipi a mainjekita. Zimenezo pitani nazo kwa amene anaphunzira. Ndipo ngakhale pa yosavutayi, khalani ndi munthu wachiwiri. Pakanapanda alamu, sukulu dilaiva ija ikanalowa.

Patatha sabata ndinapita ku Mkanda kukatenga soya, msewu wafumbi kupita ndi kubwera. Nditafika kunyumba ndinatsegula boneti dzuwa lisanalowe. Fumbi ndi mboni yabwino pa nkhani ya oyilo, chifukwa pomwe pali ponyowa limada n'kumata. M'mphepete monse mwa chivindikiro linali lofiira, louma, lochoka ndi mpweya wa pakamwa. Ndinazula koyilo yachitatu, inatuluka youma. Dipisitiki inali pomwe ndinaisiya. Kumunsi kwa chivindikiro cha tcheni, pafupi ndi lamba, ndinaona kadera kakang'ono kakuda komwe kale sikankaoneka chifukwa injini yonse inali yonyowa. Ndakapukuta, ndakajambula, ndipo Loweruka likubwerali ndidzakayang'ananso.